GGT ikakwera sizitanthauza kuti chiwindi chatha

Mayi, mwalemba kuti mutayezetsa magazi GGT yanu yatuluka 118, ALT ndi AST (mapuloteni ena oonetsa mmene chiwindi chilili) zili bwinobwino, simukumva kupweteka paliponse, koma mwagwidwa mantha kuti chiwindi chawonongeka. Khazikani mtima pansi kaye. Nambala imeneyi payokha siitchula matenda.

GGT ndi puloteni yopezeka kwambiri m'maselo a chiwindi ndi m'timachubu todutsa ndulu. Chiwindi chikangopanikizika pang'ono, kapena chikatanganidwa ndi mowa ndi mankhwala ena, imachuluka m'magazi. Ili ngati galu wouwa chilichonse: amakudzutsani kuti panja pali chinachake, koma sanena ngati ndi wakuba kapena mphepo. Malire ake amasiyana malinga ndi labu, kawirikawiri amathera pakati pa 40 ndi 60 U/L, ndipo a abambo amakhala okwererapo kuposa a amayi. Tsatirani malire amene alembedwa papepala lanulo. 118 ndi yokwera ndithu, yofunika kuilondola, koma si yothamangira nayo kuchipatala usiku.

Chimene simunatiuze ndi ALP (puloteni yopezeka m'njira za ndulu ndi m'mafupa) ndi bilirubin (chinthu chachikasu chimene chiwindi chimatulutsa kudzera mu ndulu). Zionenso papepalapo. ALP ikakwera limodzi ndi GGT, timaganizira kuti ndulu siikuyenda bwino, mwina chifukwa cha timiyala totseka njira, ndipo pamenepo pafunika sikani ya pamimba. ALP ikakwera koma GGT ili bwino, ALP-yo nthawi zambiri imakhala ikuchokera kumafupa, kapena munthuyo ndi woyembekezera. GGT ikakwera yokha ngati yanuyi, oyamba kuwakayikira ndi atatu: mowa, mankhwala ndi mafuta m'chiwindi.

Mowa sufuna kuti munthu achite kukhala chidakwa. Mabotolo angapo masiku ambiri pa sabata akwanira kwa ena. Ngati mumamwa, siyiranitu kwa milungu 4 mpaka 6 kenako muyezetsenso. Musabwereze pakangotha sabata imodzi, chifukwa GGT imatsika mwapang'onopang'ono: pamatenga milungu iwiri kapena itatu kuti ifike theka. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, n'kumati kusiya sikunathandize.

Pa mankhwala ndikufuna mumvetsetse bwino. Phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbital, omwe ndi a khunyu, amakweza GGT ngakhale chiwindi chili chabwinobwino, chifukwa amachichititsa kupanga puloteniyi yambiri. Ma ARV ena monga efavirenz ndi nevirapine amateronso. Chonde musasiye mankhwala amenewa panokha chifukwa cha nambala. Kugwa khunyu kapena kachilombo kuyamba kupirira mankhwala n'koopsa kuposa 118. Nyamulani zonse zimene mumamwa mukazionetse kwa dokotala, kuphatikizapo azitsamba ndi mapiritsi amene amati "otsuka chiwindi". Amenewa ndimawakana poyera, chifukwa palibe chimene amatsuka, ndipo ena ndi amene amachipweteka.

Ngati simumwa mowa ndipo simuli pa mankhwala, ganizirani za mafuta m'chiwindi, makamaka ngati thupi lakwera, mimba yakula ndi mafuta, kapena muli ndi shuga. Pemphani akuyezeni shuga musanadye kapena HbA1c (muyeso wa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi), mafuta a m'magazi, komanso hepatitis B ndi C, chifukwa matenda awiriwa amatha kukhala zaka zambiri osaonetsa chizindikiro. Akapeza kuti ndi mafuta, kuchepetsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti kumathandiza kwambiri. Wa makilogalamu 80 achotse 6 mpaka 8, pang'onopang'ono, osati modzipha ndi njala. Fodya nayenso amakweza GGT.

Mukabwereza kuyezetsa, pitani kulabu yomweyo kuti manambala afanizike, ndipo pepala lakale mupite nalo. GGT ikapitirira kukwera, kapena pakatha miyezi itatu isanatsike, kapena ALT ndi ALP zikayamba kusuntha, musavomere kungouzidwa kuti "tidikire": pemphani sikani komanso kuti muonane ndi dokotala wa chiwindi.

Koma musadikire milungu imeneyi mukaona maso achita chikasu, mkodzo wada kwambiri, chimbudzi chatuwa, thupi likuyabwa paliponse, mimba ikutupa, kapena mukumva ululu waukulu kumanja pansi pa nthiti limodzi ndi kutentha thupi. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kapena kusokonezeka mutu ndi kuodzera kosadziwika bwino, zimenezo n'zopita nazo kuchipatala nthawi yomweyo.