Kodi galu angadye nyama yaiwisi ndi mafupa?

Funso: Akonzi, ndili ndi galu wolemera makilogalamu 20 amene amalondera pakhomo pathu. Chakudya cha agalu cha m'matumba chakwera mtengo, ndipo mnzanga akuti ndizingomugulira nyama yaiwisi ndi mafupa kubutchala. Kodi zimenezi n'zabwino, poti pakhomo pali mwana wokwawa?
Bambo wa ku Mufakose, Harare

Yankho: Bambo, galu wamkulu wathanzi angathe kudya nyama yaiwisi, koma nkhani yagona pa kumene nyamayo yachokera. Muzigula m'butchala yovomerezeka, momwe nyama imakhala yoyezedwa, ndipo ya ng'ombe yodzifera musailandire ngakhale atakupatsani ulere. Matenda a anthrax akadalipo m'madera ena a Zimbabwe, ndipo pakati pa 1978 ndi 1980 anagwira anthu oposa 10,000 m'dziko muno. Munthu amawatenga posenda kapena kudula nyama yotere, galu asanailawe n'komwe. Zam'kati nazo muziziyang'anitsitsa. Chiwindi kapena mapapo okhala ndi timatumba tamadzi tonga matuza muziwatentha, chifukwa m'timatumbamo muli mphutsi za njoka ya m'mimba yotchedwa Echinococcus, imene imakulira m'matumbo a galu, kenako mazira ake amafika kwa anthu kudzera m'ndowe ndi ubweya wake.

Pa mafupa m'pamene ambiri timalakwitsa, poti tinazolowera kuponyera galu zotsala tikatha kudya nsima. Fupa lophika kapena lowotcha limauma, ndipo galu akaliswa limatuluka tizidutswa takuthwa timene tingamutsamwitse kapena kumuboola matumbo. Laiwisi ndilo labwinoko, makamaka lofewa lokhala ndi mnofu, monga msana wa nkhuku kapena nthiti za mbuzi, ndipo likhale lalikulu loti sangalimeze lathunthu. Fupa la mwendo wa ng'ombe, limene ambiri amalikonda chifukwa silitha msanga, limathyola mano. Muzikhala pomwepo akamadya. Mukaona ndowe zake zayera, zauma, ndipo akuvutika pochita chimbudzi, dziwani kuti mafupa achuluka.

Galu wamkulu amadya pafupifupi 2 mpaka 3 peresenti ya kulemera kwake pa tsiku, ndiye wanuyo afunika magalamu 400 mpaka 600, chiwindi chikhale chochepa kwambiri. Mnofu wokhawokha ulibe kashiamu wokwanira, n'chifukwa chake ana agalu oleredwa ndi nyama yokha amafooka mafupa mpaka kupindika miyendo; amenewo musawayambitse kadyedwe aka musanaonane ndi dokotala wa ziweto.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wokwawayo. Nyama yaiwisi imakhala ndi tizilombo monga Salmonella, ndipo galu angathe kutitulutsa m'ndowe iye akuoneka bwinobwino. Kuumitsa nyama m'firiji sikupha tizilomboti, ndipo magetsi akazima kwa maola ambiri, monga zimachitikira mumzinda uno, nyama imasungunuka ndipo timachulukana. Ndikanakhala ine, mnofuwo ndikanauwiritsa wopanda mafupa ndiponso wopanda anyezi, amene ndi poizoni kwa galu, n'kuusakaniza ndi nsima ndi masamba, kenako fupa laiwisi n'kumamupatsira kuseri kwa nyumba kumene mwana safikako. Mbale yake muzitsuka ndi sopo payokha, musambe m'manja, ndowe muzichotsa tsiku lililonse, ndipo pa miyezi itatu iliyonse muzimupatsa mankhwala a njoka za m'mimba okhala ndi praziquantel.