Kodi kupempherera akufa n'kutaya nthawi?

Achemwali, choyamba pepani ndi imfa ya bambo anu. Mwafunsa ngati Misa imene mwawapemphera ili ndi phindu, popeza anzanu akuti munthu akafa zake zatha, komanso mawu oti Purigatorio, kumene akufa amayeretsedwa asanalowe kumwamba, m'Baibulo mulibe. Pa mawuwo akunena zoona, simudzawapeza. Komatu ngakhale mawu oti Utatu Woyera mulibe, chonsecho tonse tinabatizidwa m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera.

Tsegulani 2 Amakabeo 12, kuyambira ndime 38. Nkhondo itatha, Yudasi Makabeo, mtsogoleri wa asilikali a Ayuda, ndi anthu ake anapita kukatola mitembo ya asilikali anzawo. M'kati mwa zovala za aliyense wa akufawo anapezamo zithumwa za mafano a ku Jamnia, zinthu zomwe Chilamulo chinkaletsa. Taganizani, anthu anafa akumenyera mtundu wa Mulungu nkhondo, koma anafa ndi banga. Yudasi sanati zawo zada. Anasonkhetsa ndalama zasiliva 2,000 n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti akawaperekere nsembe yopepesera machimo, ndipo wolemba bukuli akumuyamikira chifukwa ankaganizira za kuuka kwa akufa. Buku limeneli m'Mabaibulo a mipingo ina mulibe, mwina n'chifukwa chake anzanuwo sanakumane nayo nkhaniyi. Koma 1 Akorinto 3:15 ali nayo, pomwe Paulo akunena za munthu amene ntchito yake idzapsa, iye mwini n'kupulumuka ngati wodutsa pamoto.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi Chivumbulutso 21:27, kuti mumzinda wa Mulungu simudzalowa kanthu kodetsedwa. Ndikadziyang'ana, Mulungu ndimamukonda, koma kamangawa kaja sindinakataye, lilime limathamangabe, ndipo alipo amene ndinawakhululukira pakamwa pokha. Imfa itandipeza usiku uno, sindinamukane Ambuye, komanso sindingati ndayera mbee. Ambirife tili pamenepo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1030, amaphunzitsa kuti amene afa ali paubwenzi ndi Mulungu koma asanayere kwathunthu, chipulumutso chawo n'chotsimikizika, kungoti ayamba ayeretsedwa. Choncho Purigatorio si mwayi wachiwiri wa munthu amene anakana Mulungu mpaka mapeto, ndipo si gehena yaing'ono. Onse amene ali kumeneko ulendo wawo ndi wakumwamba.

Za motowo musachite nazo mantha kwambiri. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya Spe Salvi ya 2007, anafotokoza maganizo oti moto wake ndi Khristu yemwe. Pokumana naye maso ndi maso, bodza lonse limene tinkadzinamiza nalo limasungunuka. Zimawawa ndithu, koma ndi ululu wa bala limene likupola.

Mwambo wopempherera akufawu sunayambe dzulo. Monica Woyera akumwalira ku Ostia, m'dziko la Italy, m'chaka cha 387 anauza ana ake, mmodzi mwa iwo Augustine Woyera, kuti asavutike ndi komuika, angomukumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene adzakhale. Mayi amene analirira mwana wake kwa Mulungu zaka zambirimbiri, tsopano ndiye ankapempha mwanayo kuti amupempherere.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, poti pamenepa ena amasokoneza. Kangachepe kamene timapereka popempha Misa si mtengo wowombolera mzimu. Misa siigulidwa, ndipo nsembe yake ndi ya Khristu, ife timangoikapo dzina la wokondedwa wathu.

Pitirizani kuwapempherera bambo anuwo, pa 2 Novembala pomwe Mpingo wonse umakumbukira akufa, komanso tsiku lililonse limene abwera m'maganizo mwanu. Ngati simudandaula, nditumizireni dzina lawo ku inbox, nanenso ndikawatchule pa Misa ya Lamulungu likubwerali.