Mphaka wokalamba akayamba kukodzera pambali pa beseni

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mphaka wanu wamwamuna ali ndi zaka 14, moyo wake wonse wakhala akudzithandiza m'beseni la mchenga osaphonya, koma mwezi uno wayamba kukodzera pakapeti ndi kuseri kwa chitseko, akumwa madzi kwambiri, waonda, ndipo bambo akunyumba akuti azigona panja basi.

Ndiyambe ndi munthu wina amene wakulangizani kuti mumupatse theka la Panado. Chonde musayerekeze. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, m'thupi ngati mmene chimachitira chathu, moti piritsi limodzi lokha limatha kumupha. Nkhama zimada, nkhope imatupa, amayamba kubanika. Brufen nayenso amawononga impso ndi m'mimba. Zomukwapula kapena kumukhutiza mphuno pamkodzo nazonso zisiyeni, angoyamba kukuopani n'kumakakodzera kumene simungaone.

Sakuchita dala ayi. Mphaka wa zaka 14 ali ngati gogo wa zaka za m'ma 70, ndipo nyama yaukhondo ngati imeneyi ikasiya khalidwe lake mwadzidzidzi, kawirikawiri vuto limakhala m'thupi.

Poti wanu ndi wamwamuna, pali chinthu chimodzi choti muone lero lomwe. Ngati akupitapita kubeseni, kunyonyomala, kuchima, mwina kulira, koma kukungotuluka timadontho kapena osatuluka kanthu, ndiye kuti njira ya mkodzo yatseka. Ambiri amaganiza kuti wadzimbidwa n'kumadikira. Mphaka wotsekeka chonchi amatha kufa pasanathe masiku awiri, ndiye zikatero thamangani naye kwa dokotala wa ziweto ngakhale ndi usiku.

Koma mmene mwafotokozeramo, wanuyo zikuoneka kuti mkodzo ukuchita kuchuluka. Mphaka wokalamba akamamwa kwambiri, kukodza kwambiri ndi kuonda, madokotala amayamba kuganizira matenda atatu: impso, shuga ndi chithokomiro. Wa chithokomiro amadya ngati wachokera kundende koma thupi likunka lithera, sakhazikika, usiku amangolira. Wa shuga nayenso amadya kwambiri poyamba, ndipo ena miyendo yakumbuyo imafooka. Wa impso chilakolako cha chakudya chimachepa, amasanza, m'kamwa mumanunkha, mkodzo umakhala woyera ngati madzi ndipo fungo lake lija limachepa. Komabe ndi maso okha simungasiyanitse, mpofunika kuyeza magazi ndi mkodzo. Poti mwati muli ku Lilongwe, a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama, ali ndi chipatala cha nyama, ndiponso alipo madokotala ena apulayiveti. Musanapite, yezani madzi amene akumwa pa tsiku. Mphaka wa makilo 4 akamamwa opitirira mamililita 400, kuposa botolo la Fanta lagalasi, ndiye kuti anyanya. Ndipo musamubisire madzi poganiza kuti achepetse kukodza. Impso zodwala zimataya madzi ngakhale asamwe, ndiye mukamumana mukumufulumizitsa kumanda.

Palinso vuto lina limene ine ndinalizindikira mochedwa, mpaka pano chimandiwawa. Wanga anali wamkazi wakuda bii, dzina lake Mdima. Atakwana zaka 15 anayamba kusiya chimbudzi pambali penipeni pa beseni, tsiku ndi tsiku. Ndinkakalipa m'mawa uliwonse ndi tsache m'manja. Tsiku lina madzulo ndikusenda mbatata ndinamuona akupita kubeseni kuja. Anaima, n'kukweza mwendo umodzi wakutsogolo, kuuika pamkombero, kudikira, kenako kuutsitsa. Anayesanso kachiwiri. Kenako anangonyonyomala pansi pomwepo akundiyang'ana. Beseni lenilenilo linali lakuya lochapira zovala, ndinalisankha dala kuti mchenga usamamwazike. Pamenepo mpamene ndinakumbukira kuti panali patatha miyezi asakukweranso pawindo pamene ankakonda kuothera dzuwa, ndiponso ubweya wakumsana unali utamangana chifukwa sankathanso kupindika kuti adzinyambite. Inali nyamakazi. Amphaka satsimphina moonekera ngati agalu, amangosiya mwakachetechete zinthu zimene zikuwapweteka.

Ndinatenga mpeni wotentha n'kudula mbali imodzi ya beseni, kusiya khomo lotalika ngati zala zitatu kuchokera pansi, n'kupala m'mphepete kuti musamucheke. Mawa lake analowa. Dokotala atamuyeza anapezanso kuti impso zayamba kufooka, anamupatsa mankhwala a ululu oyenera amphaka, ndipo Mdima anakhala nafe mpaka zaka 18.

Ndiye beseni lanulo liyang'aneninso. Likhale lalifupi polowera koma lotakata, loti atembenukemo bwinobwino. Ikani lachiwiri pafupi ndi pamene amagona, chifukwa nkhalamba ikapanikizika siyenda mtunda, koma lisayandikane ndi mbale yake yodyera. Ngati mumagwiritsa ntchito mchenga wakumtsinje, usefeni ndi kuuyanika padzuwa, mapazi okalamba sakonda timiyala. Wonyowa muzichotsa kawiri pa tsiku. Mphaka wokodza kwambiri amasandutsa beseni dambo pofika masana, ndipo iye mwini amanyansidwa kupondamo, mwina n'chifukwa chake wathawira pakapeti. Usiku musiyireni kanyali panjira, maso ndi nzeru nazo zimakalamba.

Pamene wakodzera kale musathire Jik. Akasakanikirana ndi mkodzo amatulutsa mpweya woipa, ndiponso amphaka ena fungo lake limawakoka. Mankhwala okhala ndi amoniya ndiye amanunkha ngati mkodzo womwewo. Pukutani kaye, thirani madzi osakaniza ndi viniga theka ndi theka, pakauma wazani soda. Kapetiyo mukhoza kungomupinda kaye kwa milungu ingapo.

Za chakudya, dikirani zotsatira za magazi musanasinthe zambiri, chifukwa choyenera wa shuga si choyenera wa impso. Chokhacho ndinganene panopa n'chakuti nsomba zouma zamchere monga kapenta muchepetse, mkaka wa ng'ombe amphaka ambiri umawatsegula m'mimba, ndipo chakudya chonyowa chimamuthandiza kuposa chouma cham'paketi.

Kwa bambowo, ndikuwamvetsa, fungo la mkodzo wa mphaka silocheza. Koma mphaka amene wagona m'nyumba zaka 14, woti sangathenso kulumphira pampanda galu akamuthamangitsa, panja sakachedwa. Apempheni kuti akhale m'chipinda chimodzi cha simenti, momuikira beseni, madzi ndi kabulangeti, mpaka mutabwerako kwa dokotala. Mukamapita mujambulenso kavidiyo pafoni akuyenda ndiponso akuyesa kulowa m'beseni, chifukwa akafika kuchipatala amangodzipinda m'bokosi osasuntha. Ndipo tiuzeni pano, pamene akukodzapo pakumanyowa malo aakulu ngati mbale, kapena ndi timadontho chabe?