Corolla ikungolira osakoka pokwera phiri

Bambo, mwati Corolla yanu yakale ya otomatiki imangolira osakoka mukamakwera mapiri a ku Luangwa pochokera kuno ku Chipata. Yambani ndi mafuta a giyabokosi. Injini ikatentha, imikani motoka poti sipakupendekera, ikani pa P osazimitsa, sololani dipstiki ya giyabokosi (kachitsulo koyezera mafuta) n'kupukutira pansalu yoyera. Mafutawo akakhala ofiira ndi abwino, mwina angochepa. Akada n'kumanunkha zopserera, maklatchi (timbale togwiritsa magiya) am'kati mwa bokosilo adyeka.

Chonde musalole kutsukitsa bokosilo ndi makina, zinyalala zingathe kukatseka timabowo ta mavavu oyendetsa mafuta. Masulani pani yapansi pa bokosilo (beseni losunga mafuta), sinthani sefa ndi gasiketi, thirani malita pafupifupi 3 a mtundu wolembedwa pa dipstiki, kaya Dexron kapena T-IV. Mukapeza tizidutswa tachitsulo pa maginito a m'paniyo, mafuta okha sathandiza, bokosilo likufunika kutsegulidwa.