Hatchi Ilibe Bere Koma Ikutuluka Mkaka

Funso: Hatchi yanga yaikazi ya zaka 17 sinakweredwe, koma mawere ake afufuma ndipo akudontha mkaka. Kodi ndiziikama?

Yankho: Ayi, musaikame. Kukama kumachititsa thupi kutulutsa prolactin yambiri (homoni yopangitsa mkaka), ndiye mkakawo umangowonjezeka. Choyamba dokotala wa ziweto aiyeze kuti mutsimikize kuti ilibedi bere, chifukwa pa hatchi ya bere mkaka wofulumira chonchi umasonyeza matenda a nsengwa kapena mapasa.

Pa msinkhu umenewu, tikukayikira kwambiri PPID, matenda a kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary. Onani ngati ubweya watalika osathothoka, ngati ikumwa madzi ndi kukodza kwambiri, kapena ikupweteka ziboda. Kuti atsimikize PPID, dokotala amayeza homoni yotchedwa ACTH m'magazi. Mankhwala ake ndi pergolide, poyambira 1 mg patsiku kwa hatchi ya makilogalamu 500, ndipo imamwa moyo wake wonse. Masiku oyamba ikhoza kukana kudya; ikatero uzani dokotala achepetse mlingo, musasiye nokha.

Unikaninso chakudya. Clover (chomera china chodyetsa ziweto) ndi mbewu zochita nkhungu zimakhala ndi zinthu zogwira ntchito ngati estrogen, homoni yachikazi, ndipo zingabweretse mkaka. Zichotseni, chepetsani chakudya cha mbewu, muziipatsa udzu wouma wabwino. Ngati hatchiyo ikupatsidwa mankhwala otchedwa domperidone, dziwani kuti nawonso amabweretsa mkaka.

Koma mbali imodzi ya mawere ikatentha, kuuma ndi kupweteka, mkaka n'kumatuluka wa mibulu kapena mafinya, thupi n'kupitirira 38.5°C, imeneyo ndi mastitis, matenda otupitsa mawere. Pamenepo mpamene mumakama kangapo patsiku, kuthowa ndi nsalu yofunda, ndi kupereka mankhwala opha mabakiteriya amene dokotala wasankha atayeza mkakawo.