Musaisiye pa Auto voltage ya i5-9600K

Achimwene, mwati muli ndi purosesa ya Intel i5-9600K pa motherboard ya MSI ya Z390, mwakweza multiplier (nambala imene imakhazikitsa liwiro la purosesa) kufika pa 49, ndiye mukayendetsa Cinebench, pulogalamu yoyesera mphamvu ya purosesa, kutentha kukufika madigiri 95, kenako kompyuta n'kuuma. Funso lanu n'lakuti muwonjezere voltage kapena ayi. Musawonjezere kaye. Vcore, voltage imene purosesa imalandira, ikakhala pa Auto, bodi imaikweza yokha mukangokweza multiplier, ndipo nthawi zambiri imapyola muyeso. N'kutheka kuti purosesa yanu ikulandira kale 1.40 V, ndipo kutenthako kukuchokera pamenepo.

Tsegulani pulogalamu ya HWiNFO64 muyang'ane mzere wa Vcore, kapena wa VR VOUT ngati bodi yanu ikuuonetsa, pamene purosesa ili pa ntchito yolemera. VID isakupusitseni: imeneyo ndi voltage imene purosesa ikupempha, osati imene ikulandira.

Mukatero lowani mu BIOS, mubwezere zonse mmene zinabwerera, XMP, imene imakweza liwiro la RAM, muyambe mwaizimitsa kuti RAM isasokoneze mayeso. BCLK, liwiro loyambira limene multiplier imachulukitsa, isiyeni pa 100 MHz. Ikani multiplier pa 47 pa ma core onse 6, ndiye kuti 4.7 GHz. Purosesayi payokha imafika 4.6 GHz pa core imodzi basi, choncho mwapindula kale. CPU Core Voltage Mode muike pa Override, mulembe 1.25 V.

Pamene ambiri amasokonekera ndi pa Load-Line Calibration (LLC). Purosesa ikayamba kukoka magetsi ambiri, voltage imatsika pang'ono: mwalemba 1.25 V koma pa ntchito mukuona 1.19 V. Kutsikako amati Vdroop, ndipo sikuti bodi yawonongeka, anachita kukonza dala kuti ntchito ikatha mwadzidzidzi voltage isadumphe kwambiri. LLC imachepetsa kutsikako. Vuto lake n'lakuti mukaiika yamphamvu zedi, voltage imadumpha kupyola imene munalemba kwa kanthawi kochepa kwambiri moti HWiNFO64 singakuonetseni, koma purosesa imalandirabe kumenyako. Pa MSI, Mode 1 ndiye yamphamvu kwambiri, choncho sankhani Mode 3 kapena 4. Samalani ndi malangizo a anthu a ASUS, chifukwa kwawo manambala amayenda mosemphana, yaikulu ndiye yamphamvu. Chimene mukufuna n'chakuti voltage izitsika pang'ono pokha, mwina 0.02 kapena 0.03 V, osati izikwera.

Yesani ndi Cinebench maulendo angapo, ikapirira muyendetse OCCT kapena Prime95, mapulogalamu olemetsa purosesa, kwa ola lathunthu. Maso akhale pansi penipeni pa HWiNFO64, pa mzere wowerenga zolakwika za WHEA, zimene Windows imalemba chipangizo chikalakwitsa. Pakangotuluka ngakhale imodzi, kompyuta sinakhazikike, ngakhale isanaume. Sikirini ya buluu yolemba CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT kapena WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR kawirikawiri imasonyeza kuti Vcore yachepa. Wonjezerani 0.01 V yokha, muyesenso. Ikakhazikika, kwezani multiplier ndi 1. Musamasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

Polekezera ndi apa: kompyuta ya tsiku ndi tsiku isapyole 1.35 V, ndipo pa mayeso kutentha kusapyole madigiri 85. Pa madigiri 100 purosesayi imadzichepetsera yokha liwiro, ndiye kukwezako kumakhala kopanda phindu. Kutentha kumakwera msanga kuposa voltage. Kuchoka pa 1.20 V kufika pa 1.35 V, mphamvu imene purosesa ikudya imakwera ndi pafupifupi maperesenti 27 liwiro lisanasinthe n'komwe. Komanso voltage yokwera pamodzi ndi kutentha zimadya purosesa pang'onopang'ono, moti pakapita nthawi imayamba kufuna voltage yambiri pa liwiro lomwe lija, ndipo zimenezi sizibwereranso. Mukaona kuti 100 MHz yotsatira ikufuna 0.05 V ina, imani pomwepo. Kusiyana kwa 4.8 ndi 4.9 GHz simudzakuona pa gemu. Ma 9600K sali ofanana, wina akafika 5.0 GHz pa 1.30 V sizitanthauza kuti yanunso ifika.

Ngati ikutenthera pa Prime95 yokha, ikani AVX offset pa 2, kuti pa ntchito za AVX, zimene ndi masamu olemera otenthetsa purosesa kwambiri, liwiro lizitsika ndi 200 MHz. Onaninso cooler: pukutani thermal paste yakale, muike yatsopano kadontho ngati njere ya nandolo, mumange zomangira zonse zinayi mofanana. Ndipo musiye mpata wa nyengo, chifukwa zimene zapirira m'chipinda chozizira mu Juni zikhoza kulephera mu Okutobala.

Purosesa ikakhazikika, yatsani XMP kenako muyang'ane VCCIO ndi VCCSA, ma voltage a mbali ya purosesa imene imagwira ntchito ndi RAM. Pa Auto nazonso zimakwera mosafunikira. Kwa RAM ya DDR4-3200, pakati pa 1.10 ndi 1.15 V pamakwanira.

Kompyuta ikakana kuyaka mutasintha china, musachite mantha. Zulani chingwe kukhoma, mugunditse mapini awiri a pa bodi olembedwa JBAT1 ndi sikuludalaivala kwa masekondi 10, kapena muchotse batire ya CR2032 kwa mphindi zochepa. BIOS ibwerera mwakale, choncho manambala amene akugwira muziwalemba papepala musanapitirire.