Kwa alamu, za Corolla yozimazima m'mawa wa chisanu

Alamu, ndakulonjerani, pamodzi ndi abale onse amene ali pagulu lino. Uthenga wanu ndaumvetsera kawiri. Mwati chiikireni kompyuta ina yoyendetsa injini ndi mainjekita (zopopera petulo m'injini) akuluakulu mu Corolla yanu ija, galimoto imathamanga bwino masana, koma chiyambireni chisanu cha mu Juni ku Johannesburg uko imavuta kulira m'mawa, ikalira imanjenjemera n'kuzima, ndipo pamamveka fungo la petulo. Mukufunsa ngati muwonjezere mafuta kapena muchepetse. Pempho langa loyamba ndi lakuti tebulo lalikulu la mafuta (manambala a m'kompyuta olamula kuchuluka kwa petulo wolowa m'injini), limene linakonzedwa injini ili yotentha, musaligwire n'komwe, chifukwa vuto lanu silili m'menemo.

Injini yotentha imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyesa kulemera kwake. Koma petulo sayaka ali wamadzimadzi. Chimene chimayaka ndi nthunzi yake. Zitsulo zikagonera chisanu, petulo wambiri amangomatirira m'makoma a njira zolowera ngati mame pa udzu, ndipo wofika m'masilinda ali nthunzi amakhala wochepa. N'chifukwa chake pa magalimoto akale a kabuleta tinkakoka tchoko yochepetsa mpweya kuti petulo achuluke, n'kumaibweza pang'onopang'ono injini ikamafunda. Kompyuta yanuyo imagwira ntchito ya tchoko ija m'zigawo zitatu: mafuta owonjezera pamene sitata ikuzungulira, ena owonjezera kwa masekondi ochepa injini ikangolira, ndi ena amene amanka nachepa madzi a m'injini akamatentha. Amene anakukonzerani galimoto m'chilimwe, masana dzuwa likuswa mtengo, sakanatha kuyesa zigawo zimenezi, ndiye musawaimbe mlandu.

Musanasinthe nambala iliyonse, yambani mwatsimikiza kuti kompyuta ikuuzidwa zoona. Mawa m'mawa lumikizani laputopu, tsegulani kiyi osaliza injini, ndipo muwerenge kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa. Galimoto imene yagona usiku wonse, manambala awiriwa ayenera kukhala pafupifupi ofanana. Ngati kunja kuli madigiri 4 koma sensa ya madzi ikunena kuti kwazizira mpaka madigiri ambiri pansi pa 0, kompyuta idzathira petulo wosefukira, ndipo fungo lija ndi limenelo. Sensa ya mtundu wa Bosch imaonetsa ma ohm (muyeso wa kukaniza magetsi) pafupifupi 2,500 pa madigiri 20, ndipo imatsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80, pamene masensa a makampani ena ali ndi miyeso yawoyawo. Kawirikawiri sensa imakhala yabwinobwino, koma mu kompyuta anasankhamo mtundu wina.

Muonenso ngati thermostat, kachipangizo kotseka madzi kuti asapite ku radiyeta injini isanatenthe, ilimo. Ndikufunsa dala, chifukwa kuno kumudzi amakaniko ambiri amaichotsa poganiza kuti akuteteza injini kuti isawire, ndipo chizolowezicho timapita nacho kulikonse. Popanda thermostat, m'nyengo yozizira madzi safika msanga pa madigiri 80 mpaka 90, choncho kompyuta imapitiriza kuthira mafuta a m'mawa ulendo wonse wa kuntchito. Batire nayonso muiyeze, popeza mainjekita amachedwa kutseguka magetsi akatsika, ndipo pa mainjekita akuluakulu ngati anuwo kulakwitsa pang'ono kwa nthawi yotsegukira kumasintha mafuta kwambiri injini ikamalira yokha.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene mungayambe kukonza tebulo la kufunda kwa injini, ndipo apa pafunika kuleza mtima. Mwayi weniweni woyesa ndi umodzi pa tsiku, chifukwa injini ikangolira kwa mphindi ziwiri, mkati mwa masilinda mwafunda kale ngakhale madzi akadali ozizira, ndipo zimene mungaone poyesa kachiwiri zidzakusocheretsani. Lizani, lembani zimene zachitika pa digiri iliyonse, sinthani mafuta ndi magawo asanu okha pa 100, kenako dikirani m'mawa wotsatira. Ikalira n'kuzima patapita masekondi awiri kapena atatu, popanda utsi wakuda, mafuta a chigawo chachiwiri akutha msanga. Ikamatsamwa kapena kuphulika cha kolowera mpweya mukaponda pang'ono, mafuta achepa. Ikamalira molemera, utsi wakuda ukutuluka ndipo mapulagi ali ndi mwaye, mafuta achuluka. Malinga ndi fungo limene mwanena, ine ndikuganiza kuti yanu ili m'gulu lomalizali, ndipo mudzafunika kuchepetsa.

Geji ya wideband imene muli nayo, yoonetsa magawo a mpweya ndi petulo poyeza utsi, muikhulupirire mosamala pa nthawi imeneyi. Sensa yake imafuna kutentha kaye isanayambe kuwerenga bwino, komanso imayeza okosijeni wotsala mu utsi, osati petulo. Silinda ikalephera kuyaka chifukwa cha petulo wochuluka, mpweya wake umatuluka wosapsa, geji n'kunena kuti mafuta achepa, ndipo munthu amawonjezera pamene anayenera kuchepetsa. Ambiri agwa m'mbuna imeneyi. Injini ikakhazikika ikufunda, nambala ya pa geji ya cha m'ma 13, kutanthauza magawo 13 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, ndi yokwanira, ndipo zowonjezera zonse zikhale zitatha madzi akamafika pa madigiri 70 kapena 80.

Injini yozizira imafunanso mpweya wochulukirapo, popeza oyilo amakhala wolimba ndipo amaikoka. Ngati valavu yothandiza kuti izilira yokha inachotsedwa pokonza paja, mafuta okha sangathetse kuzimako, ndipo ndi bwino kuibwezeretsa kuti m'mawa izizungulira maulendo cha m'ma 1,200 pa mphindi kenako n'kumatsika.

Pomaliza pa zofunika lero, solorani ndodo yoyezera oyilo muinunkhize. Petulo wosefukira amatsuka oyilo m'makoma a masilinda n'kutsikira pansi, ndipo ngati oyilo akununkha petulo kapena wakwera kupitirira muyeso, musinthe musanayende ulendo wautali. Mawa munditumizire chithunzi cha manambala awiri aja musanalize injini, ndi cha pulagi imodzi mutaimasula, kuti tione poyambira. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.